Makhadi Amene Makina Anakana

Wakuba akalowa m'chipinda chomwe muli makompyuta asanu ndi atatu atsopano, ena mapulasitiki ake osachotsa, satulukamo atasenza kabati ya mapepala odyedwa ndi njenjete. Sajeni Tisungeni Kamwendo anali atagwira upolisi zaka khumi ndi zinayi m'makomboni a Harare. Mbava zopusa anali atazionapo, koma yopusa chonchi ayi.

Anaima pakhomo la chipinda chosungiramo makhadi, mu ofesi ina ya zanyumba kuseri kwa msika wa Machipisa. Nthawi inali itangopitirira teni koloko, Lachitatu, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuliza malata. Pakona pomwe pankakhala kabatiyo panali mbee.

"Munali chiyani m'menemo?" anafunsa.

"Zakale, sajeni, zakalekale," anayankha mkulu wa ofesiyo, bambo Lawson Chikomo, m'Chishona chothira Chingerezi ngati mchere. Ankangoyendayenda, tayi pakhosi, chala chachikulu chomata pulasitala. "Makhadi a nyumba mazana atatu ndi khumi ndi awiri. Dzulo faifi koloko ndatseka ndekha kabati ilipo. M'mawa uno palibe. Ine chomwe ndikufuna ndi nambala ya mlandu basi, thu koloko isanakwane."

"Thu koloko kuli chiyani?"

Kunali alendo. Bungwe lina lakunja linkayeza maboma a mayiko kuti lione ngati ali okonzeka kugwiritsa ntchito makina oganiza aja amati AI. Chaka chilichonse linkatulutsa mndandanda ngati wa mayeso a ana a sukulu, ili nambala wani, ili kumchira. Chaka chino oyezawo anakana kukhutira ndi mayankho a mabwana a m'tauni. Anati akaona okha timaofesi ta m'makomboni, ndipo maere anagwera a Chikomo. Kwa milungu itatu bamboyo anali ngati nkhuku yofuna poikira. Makoma anapakidwa laimu, mabenchi othyoka anabisidwa, ndipo pachitseko anakhomapo chipepala cha mafunso makumi anayi amene alendowo ankabwera nawo.

"Wakubayo ndikumudziwa," anapitiriza a Chikomo. "Mayi wosesa muno, Melina. Kiyi ali naye, ndipo lero sanabwere. Anthu ake aja mukuwadziwa, amangokhala..."

Maso awo anagwera pa dzina lomwe linali pachifuwa cha sajeniyo, mawu aja n'kumezedwa.

Tisungeni mtima unamuwawa. Bambo ake anachoka ku Dedza akadali mnyamata, nakalambira m'mafakitale a ku Willowvale, ndipo mawu oti "anthu ake aja" iye anayamba kuwamva asanadziwe kulemba dzina lake. Mayi Melinawo Tisungeni ankawadziwa, ankapemphera nawo mpingo umodzi. Anali mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, wamasiye, wotsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito. Nambala ija ikangolembedwa, dzina lawo likhala pansi pake, ndipo dzuwa la lero likawalowerera ali m'chitokosi.

"Nambala siithawa," anatero. "Ndiyambe ndalankhula ndi antchito anu."

* * *

Wolowetsa makhadi m'kompyuta anali Iris, mtsikana wa zikhadabo zobiriwira amene ankalankhula ngati kondakitala wa kombi, minibasi ya kumeneko.

"Sisi, ine ndilibe mlandu, ine ndimangotayipa. Makhadi onse ndalowetsa, miyezi inayi, msana wanga uno watheratu. Koma aja a m'kabati makina amalavula. Ukalowetsa, fiii, zofiira. Ukabwereza, zofiira."

"Chifukwa?"

"Alibe nambala ya chitupa cha dziko. Ndi a madala aja anabwera kalekale kuchokera ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique. Pakhadi pali nambala ya pantchito basi, ya kufakitale. Makina sayidziwa imeneyo."

"Ndiye vuto lili pati?"

Iris analoza chipepala cha pachitseko. "Funso nambala seventini. Zolemba zanu ndi zingati zomwe zili m'kompyuta? Ife tinaima pa nainte-seveni peresenti. Shefu, bwana wathuyu, akufuna handiredi. Akuti palibe ofesi ina yafikapo, akuti dzina lawo likamveka mpaka kumtunda."

"Nanga makhadi akabedwa?"

Mtsikanayo anasuzumira kukhomo, natsitsa mawu. "Zobedwa siziwerengedwa, sisi. Bola pakhale nambala ya polisi."

"Ndipo nyumba za makhadi amenewo zimatha bwanji?"

"Kompyuta iziziona ngati zopanda mwini." Anayang'ana zikhadabo zake kwa kanthawi. "Ine ndimangotayipa."

Tisungeni anabwerera pakona paja nagwada. Loko wa chitseko anali wosathyoka, mawindo ndi zitsulo zake bwinobwino. Simenti inali yofiira, yonyezimira mpaka kukhoma. Anapaka chala pomwe pankakhala kabati, chalacho n'kutuluka chili psuu, chikununkha polishi.

"Polishi anapaka liti muno?"

"Dzulo masana. Mayi Melina anagwada kuyambira thwelofu mpaka cha m'ma fili, chifukwa cha alendo."

"Kabati imeneyi munthu mmodzi angayisunthe?"

"Aiwa! Ndi yachitsulo chakale, yolemera ngati ng'ombe."

Sajeniyo anadzuka pang'onopang'ono. Mbala siiba kabati kenako n'kugwada kupaka polishi pomwe yachotsapo. Pamalopo panalibe fumbi, panalibe mkwasa wa chinthu chokokedwa. Kabati inali itachoka polishi asanapakidwe, kutanthauza kuti a Chikomo sanaione faifi koloko. Bodza limodzi linali litagwidwa. Koma Tisungeni sanasangalale nazo, pakuti wopaka polishiyo anapaka akudziwa kuti pakona palibe kanthu, ndipo sanauze munthu.

* * *

Mlonda wa pageti, bambo Bonface Njobvu, makolo awo anachokera ku Katete. Anali munthu wamtali, waulemu wopitirira muyezo, wa mtundu uja ukamufunsa njira amayamba wakufunsa za kunyumba.

"Amama, mwauka tyani? Ana ali bwino? Ine za kabati siniziwa. Maso yanga yakalamba, yaona zolowa chabe."

"Zotuluka amaona ndani?"

"Msomali uyo."

Pakhoma la kanyumba ka mlonda panali msomali, ndipo pamsomalipo anabayapo timapepala tambiri.

"Funso nambala sate-wani," anatero a Bonface monyadira. "Kodi chilichonse chotuluka mu ofesi chilembedwa? Shefu anati kuyambira mwezi uno olo tsache silituluka popanda kapepala kosaina iwo. Anati alendo akaona msomali uyu azatipatsa mamakisi."

Tisungeni anatsitsa timapepalato. Ka pamwamba kanali ka Lachiwiri, leveni koloko m'mawa: *Zinyalala, chingoro chimodzi, kukatentha kudzala.* Pansi pake panali siginecha yopotanapotana ya L. Chikomo.

Anatsala pang'ono kuseka. Munthu anatchera msampha kuti akole mamakisi, n'kupondapo yekha. Koma kapepala kankati zinyalala, sikankati kabati.

"Zinyalala zake zinali zolemera bwanji?"

A Bonface anayang'ana kumwamba ngati akufunsa mitambo. "Tinanyamula atatu."

"Inu, mayi Melina, ndi ndani?"

"Amama, nili na ana asanu. Wamng'ono alemba mayeso chaka chino. Nchito za ulonda masiku ano ni za anyamata."

"Mayi Melina akagona m'chitokosi lero, bambo Njobvu."

Mkuluyo anavula chipewa, nachiyang'ana mkati, nachivalanso. Sanatchule dzina. Koma Tisungeni atapinda kapepala kaja n'kuika m'thumba, iwo anayang'ana kumbali dala.

"Dzala lili kumanzere," anatero chapansipansi. "Chingoro chinapita kumanja."

* * *

Wani koloko inamupeza akudumpha ngalande za madzi onunkha m'timisewu ta nyumba zakale zija, thukuta lili kamukamu. Ankapemphera kuti akapeze nyumba ya mayi Melina yotseka. Ankapempheranso kuti asakaipeze yotseka, pakuti munthu wothawa ndiye wavomera mlandu.

Mayi Melina anali khale pa benchi pansi pa mtengo wa mapeyala, manja pamiyendo, ngati munthu wodikira basi.

"Wabwera, Tisu. Ndimati atumiza wina. Lowa, ili kuchipinda."

Kabati inaima pambali pa bedi, atayifunda nsalu ya chigwirizano cha amayi. Tisungeni anakoka dirowa ya pamwamba. Makhadi achikasu anali ndandanda, lililonse ndi kachithunzi ka mwamuna wometa bwino, wovala jekete yobwereka.

"Amayi, mwachitiranji zimenezi? Mukudziwa kuti katundu wa ofesi akapezeka m'nyumba mwanu..."

"Ndikudziwa. Sindine mwana." Mayiwo anaima pakhomo la chipinda atagwira mphuthu. "Bwana anandiitana dzulo, nati Melina, izi ndi zinyalala, kazitenthe, chitsulocho ukagulitse ugule sopo. Anandipatsa ndi machesi omwe. Ine ndinangoti zikomo bwana. Tembenuza khadi limodzi uone kuseri."

Tisungeni anatembenuza. Kuseri kunali mizere itatu yolembedwa ndi inki yofwifwa: mudzi, mfumu, boma.

"Azungu a kale ankalemba zimenezo kuti munthu akalakwa adziwe komubweza," anatero mayi Melina. "Ife tinazipezera ntchito ina. Ana a masiku ano abadwira konkuno, Chichewa chawo ndi cha moni basi. Bambo akamwalira, uwafunse kwawo n'kuti, amangoti ku Malawi, ngati Malawi ndi nyumba imodzi. Ndiye amabwera kwa ine. Zaka makumi awiri ndi zisanu, mwanawe. Anzanga akapita kukadya, ine ndimatsekula kabati, ndimalemba pachikhatho, ndimakapereka kwa wowerenga mbiri. Munthu saikidwa ngati galu. Pamanda pamayenera kutchulidwa kwawo, anthu amve kuti anali ndi kochokera."

Anapuma pang'ono, namuyang'anitsitsa.

"Tsiku lomwe tinaika bambo ako, unkayesa dzina la mudzi wa Mkomera linagwa kumwamba? Amayi ako anali ataiwala ndi chisoni. Iwe sunkalidziwa n'komwe."

Tisungeni anabweza khadi lija msangamsanga. Manyazi anamugwira, ndi chisoni chomwe ankayesa kuti chinatha kale. Iye pamaliropo analira atamva dzina la mudziwo, osafunsa kuti wabwera nalo ndani.

"Bwanji simunapite kupolisi dzulo lomwelo?"

"Wosesa akanene bwana? Mawu anga ndi ake, olemera ndi ati?" Anatambasula manja onse awiri. "Ndimange, ndiyo ntchito yako, sindikuda nazo. Koma awa usawabwezere kwa iye. Akangowagwira, mawa ndi phulusa."

Unyolo unali m'chiuno, ndipo lamulo linali losavuta kumva: katundu wapezeka, womusunga ndi uyu. Kumbali inayo kunali kapepala konena za zinyalala, chala cha polishi, ndi mlonda wa ana asanu. Akawatengera kupolisi, a Chikomo akana zonse, alendo apita, nkhani n'kutsala ya mayi wosesa ndi kabati m'chipinda chake. Anayang'ana wotchi. Inali kota pasiti wani.

"Chingoro chija chili kuti?"

"Kwa aneba. Bwanji?"

"Kabwerekeninso. Ndipo muitane amuna awiri amphamvu."

* * *

Anthu a pa Machipisa aona zambiri, koma wapolisi wamkazi akukankha kabati pa chingoro, mayi wachikulire akutsogolera njira, chinali chatsopano. Makombi analiza mahutala. Ogulitsa tomato anaimirira. Wina anakuwa kuti boma likusamuka, anthu n'kufa nacho chikhakhali. Tisungeni sanatembenuke. Gudumu limodzi linkalira ngati mwana wa mbuzi, ndipo paliponse pomwe linagwa m'dzenje mtima wake unkagwera pomwepo.

Pageti anapeza galimoto yoyera itaima kale. A Bonface anatsekula geti lonse osafunsa kanthu.

M'kati, a Chikomo anali ataimika antchito awo pamzere. Woyeza wamkulu, mayi wamagalasi wotchedwa Jenipher, anali ndi tabuleti m'manja, akuwerenga mafunso ndi mawu a munthu amene wawafunsa kambirimbiri.

"Nambala seventini. Mwa zolemba zanu zonse, zili m'kompyuta ndi zingati?"

"Zonse, madamu," anatero a Chikomo akumwetulira. "Handiredi peresenti. Kunali timakhadi tochepa takale, koma mwatsoka tabedwa, ndipo apolisi ali..."

Gudumu lija linalira pakhonde.

"Nkhani yabwino, bambo Chikomo," anatero Tisungeni mokweza, akupukuta nkhope. "Katundu wanu wapezeka. Makhadi onse ali momwemo."

Kumwetulira kuja kunauma pankhope. Koma bamboyo sanali wogwa msanga. Analoza mayi Melina.

"Mwaona, madamu? Ndinanena ine! Wakuba ndi ameneyo. Sajeni, mmangeni pompano."

"Ndimanga, musadandaule. Ndingofunsa kaye. Munati kabati munaiona dzulo faifi koloko?"

"Ndi maso angawa."

"Pomwe inali anapakapo polishi dzulo masana. Anapaka bwanji pansi pa kabati yoti munthu mmodzi sangaisunthe?"

"Za polishi ndi za osesa, ine sindizidziwa."

Tisungeni anatulutsa kapepala kaja nakawerenga mokweza, tsiku, nthawi ndi siginecha yomwe. Mayi Jenipher anasendera pafupi kuti aone.

"Zinyalala!" anakuwa a Chikomo. "Palembedwa zinyalala! Ngati iye anabisa kabati pansi pa zinyalala, ine ndikanadziwa bwanji? Ndani anandiona nditaigwira?"

Iris anayang'ana pansi. Mayi Melina anaima chilili, milomo ikugwedera, mwina akupemphera. Tisungeni anamva mantha enieni tsopano, chifukwa zipolopolo zake zinali zitatha, ndipo unyolo uja unkamulemera m'chiuno. Sanayang'ane kukhomo. Munthu wa ana asanu sumukakamiza ndi maso.

Kukhomoko kunamveka kutsokomola. A Bonface anaima pamenepo, chipewa chili m'manja.

"Pepani shefu, nalowerera nkhani za akuluakulu," anatero mwaulemu wawo wonse. "Nenze nifuna kufunsa chabe. Chala chanu chija kabati inakupanani pachitseko dzulo, pamene tenze kuikweza pa chingoro, chili tyani lero? Chaleka kuwawa?"

Maso onse anapita pa pulasitala. A Chikomo anabisa dzanja kumbuyo, ndipo kubisako ndiko kunawamaliza.

Mayi Jenipher sanakweze mawu. Anatembenukira kwa Iris.

"Ndinu amene mumalowetsa? Ndilembe zingati?"

"Nainte-seveni, madamu." Mtsikanayo anadzutsa mutu. "Otsalawo makina amawakana chifukwa eni ake analibe chitupa cha dziko. Koma anthuwo alipo. Ana awo akukhala m'nyumbazo."

Woyezayo analemba kwa nthawi yaitali, yoposa yomwe nambala imafuna.

"Nambala ya mlandu mumaifuna ija muipeza kupolisi, bambo Chikomo," anatero Tisungeni. "Ndi ya mlandu wonamiza apolisi, ndipo dzina lili pansi pake ndi lanu. Makhadiwa ndi umboni. Akakhala m'manja mwathu, ndipo palibe woyatsa machesi pafupi nawo."

Ankadziwa kuti nkhani siinathere pamenepo. A Chikomo anali ndi anzawo kumtunda, makina anali akadali okana, ndipo a Bonface mwina mwezi wamawa adzakhala akufuna ntchito. Koma za mawa zinali za mawa.

* * *

Panja, mayi Melina anakhala pa sitepe. Tisungeni anawapeza akadali ndi manja pamodzi, mikono yotambasula pang'ono.

"Ndiye ine tinyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

"Kupita kuti, amayi?"

"Kumene umapita nawo anthu."

"Inu mukupita kwanu. Mawa mudzabwere mudzangonena zomwe mwandiuza zija, ndidzalemba ndine. Palibe wokumangani."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati akuwanyengerera. Kenako anayamba kumasula mabatani a juzi yawo. Anaivula naipinda. M'kati munali juzi ina. Anavulanso imeneyo. Pansi pa diresi panaoneka kolala ya diresi lachiwiri, lonyowa ndi thukuta, ndipo m'thumba mwake munagwa kabotolo ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi mswachi wokulunga m'pepala.

Tisungeni anatola kabotoloko. Dzuwa lonse lija, ulendo wonse uja wa pa Machipisa, mayiwa anayenda atavala zonsezi.

"Amayi, kutentha konseku?"

"Anandiuza kuti m'chitokosi mumazizira, ndipo salola kulowa ndi chikwama," anatero mayi Melina. "Ndavala kuyambira m'mawa, ndimadikira iwe."

Pamenepo ndi pomwe mayiwo anayamba kulira.